Ugule ya Mapadi Awiri

Lisungwi,
Lachinayi masana.

Mwana wanga Tiyamike,

Shopu ndatseka nthawi ya nkhomaliro. Anthu awiri anabwera kudzametetsa, ndawabweza, ndati makina ometera afa. Bodza lenileni, makina ali bwinobwino. Ndimafuna ndikhale pansi ndikulembere usanabwere kuchokera ku Midzemba kumene wapita kukatsanzika azakhali ako. Ndikudziwa mmene zikhalire ukafika: iwe uzilongedza, ine ndizingozungulira ndi kufunsa ngati wadya, mpaka mawa ukakwere basi ya ku Lilongwe pa Zalewa tisanauzane kanthu.

Dzulo unandifunsa funso labwino, ine ndinakuyankha zopusa. Tinali pabenchi yathu m'shopu, tikusewera mpira wa pa tivi, iwe uli patsogolo ndi zigoli ziwiri monga mwa masiku onse. Unati, "Ababa, ndikakhazikika pantchito ndikufuna ndidzagule gemu yangayanga. Ndigule kam'manja kaja kosewera munthu mmodzi, kapena yaikulu yolumikiza ku tivi ngati yathuyi?" Ine ndinati, "Ukaona wekha, ndiwe wamkulu." Unangomaliza gemu, nkuika padi yosewerera ija pansi bwinobwino, ulendo wa kunyumba.

Ndikhululukire, mayi. Mawu oti yangayanga aja ndi amene anandibaya. Ndinamva kuti ukupitadi, ndiye ndinanyanyala ngati mwana, bambo wamkulu wa imvi m'ndevu. Vuto langa ndi ili, ndilinene poyera. Ine ndi iwe tili ndi malo amodzi okha olankhulirana, pabenchi ija, mapadi m'manja, maso ku tivi. Kwina konse timangopatsana moni. Mawa ukachoka, sindikudziwa kuti tizilankhulana bwanji, ndipo ndikuopa kuti tidzangosiyiratu. Ndiye lero ndiyankhe funso lako mwaulemu wake. Za ntchito ya m'tauni sindingakulangize, sindinaigwirepo. Koma za magemu, aaa, pamenepo ndinalakwitsa kokwanira kuphunzitsa boma lonse la Neno.

Gemu yoyamba ndinaigula chaka chimene tinasamuka ku Matandani kutsikira kuno, iwe uli kumsana. Ndinagulitsa chimanga, nkupita ku Limbe nditavala malaya a kutchalitchi. Ndinapeza bambo wina wa tayi, pakamwa pothira shuga, ali ndi katundu wa kaunjika wochokera kunja. Gemuyo inali phuliphuli, katoni yake ya zithunzi. Ndinati tiiyese. Iye anati, "Achimwene, magetsi azima, koma taonani nokha, chinthu ichi chingakhale chakufa?" Manyazi anandigwira, ndinaopa kuoneka wakumudzi. Ndinainyamula pamiyendo ulendo wonse, nditaikulunga m'chitenje cha mayi ako kuopa fumbi.

Kufika kuno ndinaitana msika wonse kuti udzaone. Anthu anadzaza mpaka pawindo. Tsono pulagi yake inali ya mano athyathyathya, yokana kulowa m'soketi yathu. Munthu wanzeru akanaima pamenepo nkufunsa. Ine ayi. Ndinatenga lezala, nkudula pulagi ija, nkusenda mawaya, nkuwalowetsa m'soketi powapanikiza ndi timitengo ta machesi, monga tinkachitira ndi wailesi. Phuu! Utsi tolo, fungo la pulasitiki m'shopu monse. Kani inapangidwira dziko la magetsi ofooka, athuwa anaipsereza pomwepo. Anthu anatuluka mmodzimmodzi akuzimbaitsa phwete. Mayi ako, Nachisale, anaima pakhomo iwe uli kumsana, nkunena mofatsa kuti, "Zikomo bambo, mwatigulira mbaula yodula." Katoni ija ndiye inagwira ntchito, nkhuku inaikiramo mazira zaka ziwiri.

Ndiye tamvera, Tiya. Usagule chinthu chimene sunachione chikuyaka. Khala pansi m'sitolomo, osachita manyazi, usewere ngakhale theka la ola. Gwira pamwamba umve ngati ikutentha. Tchera khutu ku kafani ka m'kati, kakamalira ngati chigayo, isiye. Dina batani lililonse pa padi, makamaka timitengo toyendetsera tija, chifukwa ndi timene timayamba kutopa, wosewera wako nkumangothamangira kumanzere yekha ngati waledzera. Akakuuza kuti magetsi azima, uwauze kuti nawenso ubwera akayaka. Ndipo pulagi ikakana kulowa, usakakamize. Lezala ndi lometera.

Yachiwiri sinapse, koma inandichititsa manyazi a mtundu wina, ndipo iyi uyenera kuikumbukira chifukwa unali sitandade 4. Ndinaigula kwa mphunzitsi wina amene ankasamuka ku Neno boma, yamakono, yopyapyala. Kuiyatsa, inayaka bwino. Koma inati singasewere kanthu isanayambe yalumikizana ndi intaneti. Netiweki ya masiku amenewo umaidziwa, inkagwira pachulu chokha chija cha kuseri kwa msika. Ndiye bambo ako anakweza tivi, batire ya sola ndi gemu pa wilibala, nkuyamba kukankha dzuwa lili paliwombo. Amayi a pamsika anayamba kunong'onezana kuti Nachisale wandithamangitsa pakhomo. Wina anachita kundifunsa kuti, "Kodi zovala akukanizani, eti?" Ndinakhala pachulu paja tsiku lathunthu, foni m'mwamba, ndikuyang'ana kamzere kakuyenda ngati nkhono. Katatsala pang'ono kufika kumapeto, bandulo inatha. Ndinatsika ndi wilibala yanga, linthumbu litandiluma m'miyendo monse.

Choncho usangofunsa kuti imachita chiyani. Funsa kuti imadya chiyani. Masewero ake amabwera pa disiki, kapena ali kale m'kati, kapena tsiku lililonse izifuna intaneti? Padi ikafa, ina ipezeka pamsika kapena mpaka utume munthu ku Joni? Ndikudziwa kuti ku Lilongwe netiweki ndi yambwee, ndiponso iweyo ndiwe wokonza mafoni, m'kati mwa zinthuzi umamudziwa kuposa ine. Ukuseka pano, ndikudziwa. Seka, koma ufunse ndithu. Wogulitsa amatama liwiro ndi kuwala kwa zithunzi, za njala ya chinthucho sakuuza.

Tsopano za kam'manja kaja. Apa ndilembe pang'onopang'ono, chifukwa nkhani iyi sindinauzepo munthu.

Ine ndinakhalapo nako kam'manja. Amalume ako anandibweretsera pochokera ku Joni, pamodzi ndi mahedifoni, chaka chimene mayi ako anagonekedwa kuchipatala. Iwe unali ndi zaka khumi ndi zitatu, unatsala pakhomo. Azakhali ako ndiwo ankawadikirira m'wodi, ine ndinkapita masana alionse panjinga. Ndikalowa, nkuwaona mmene atheramo, manja atasanduka timitengo, mtima unkandithawa. Ndinkawapatsa moni, nkuika nthochi pakabati, nkunena kuti ndikapume mphepo panja. Panja pake panali benchi pansi pa mtengo. Ndinkakhala pamenepo, mahedifoni m'makutu, nkumathamangitsa timagalimoto mpaka nthawi yoona odwala itatha. Kanthu kaja kankandichitira chifundo choipa. Ukakayatsa, dziko lonse limachoka, umatsala iwe ndi zala zako basi.

Tsiku lina azakhali ako anatuluka nkundigwedeza paphewa. Anati andiitana katatu pawindo kuti mayi ako akundifuna, ine osamva. Nditalowa, mayi ako anandiyang'ana, nkuyang'ana thumba la malaya anga mmene munali kanthuko. Sanakalipe, mphamvu zokalipira analibe. Anangoti, "Bambo a Tiya, bwerani nako muno muzisewerera pompano. Ine ndizingokuonani." Ukudziwa chimene ndinachita? Ndinaseka. Ndinati akunena nthabwala, monga ankachitira. Mawa lake ndinakhalanso panja. Patapita milungu itatu tinawanyamula m'bokosi kupita nawo ku Matandani.

Masana amenewo sadzabweranso, Tiya. Akanakhala anga ndi iwo, ine ndinawapereka kwa timagalimoto. Kam'manjako ndinakaponya m'chimbudzi titangochoka kumanda, koma sikanali kolakwa. Wolakwa ndinali ine, wamantha. Chimene ndikufuna udziwe n'chakuti kanthu kosewera wekha kamakoma kwambiri pa nthawi imene ukufunika kukhala ndi anthu. Ndipo iwe, usakane, unatengera ine. Chikakuwawa umalowa m'kati nkutseka chitseko.

Kulakwitsa kwanga komaliza ndiye kunakugwera iweyo. Chaka chotsatira utatha msinkhu, amayi a kumpingo anakulangiza, azakhali ako nkubwera kudzandikhazika pansi. Anati, "Achimwene, mwanayu wakula. Asamakhalenso benchi imodzi ndi inu, ndipo m'shopu muja muli amuna, asamalowemo. Anthu ayamba kulankhula." Ine ndinavomera msanga, nkumadziona ngati bambo wodziwa mwambo. Iwe amene unkakhala pambali panga kuyambira miyendo yako isanafike pansi, ndinakuuza kuti mapadi si a atsikana. Sunatsutse. Unayamba kugwada patali, pakhomo, nkunena kuti, "Ababa, madzi ali kubafa." Ine nkuti, "Zikomo." Basi. Chaka chathunthu ndi miyezi, mawu athu anali amenewo. Nyumba inali ya anthu awiri ofedwa, aliyense akulira kuchipinda kwake, ulemu uli tho. Azakhali ako sankafuna zoipa, anachita zimene nawonso anachitiridwa. Koma ine ndinayenera kuona kuti mwana wopanda mayi akachotsedwanso kwa bambo, watsala ndi ndani?

Unatiwombola ndiwe, ukukumbuka? Linali tsiku la mvula ya mu Januwale, mtsinje wa Lisungwi utadzaza, pamsika popanda ndi galu yemwe. Unandibweretsera chimanga chootcha ku shopu, utafunda thumba la feteleza. Unandipeza ndikusewera ndekha ndi makina. Unaima pakhomo nthawi yaitali, madzi akuchucha, kenako unati, "Ababa, goloboyi wanuyo akugona." Ndinati, "Ngati ukutha, bwera." Unakhala kunsonga kwenikweni kwa benchi, nkutola padi yachiwiri, nkupukuta fumbi ndi chitenje. Unandichinya zinayi kwa duu, wopanda ndi chisoni chomwe. Ndiye tili pakati pa gemu yachiwiri, maso ako ali ku tivi, unati, "Ndimawalota amayi." Ine, maso ku tivi komweko, ndinati, "Inenso." Mpira unatuluka kunja, palibe anauthamangira.

Kuyambira tsiku limenelo nkhani zathu zonse zazikulu zadutsa pabenchi imeneyo. Utalephera masamu ku fomu 2 unandiuzira pamenepo. Za mnyamata uja wa ku Luwani amene ankakuvutitsa panjira, pamenepo. Ine za maso angawa kuti ayamba kuchita chifunga, pamenepo. Ngakhale za ntchito ya ku Lilongweyi unandiuza ndikukonzekera kumenya penate, mwadala, wakuba iwe, ndipo ndinaiponya m'mwamba. Anthu analankhuladi, mwezi umodzi, kenako anatopa. Sindikudziwa chifukwa chake, koma ine ndi iwe tikayang'anana m'maso pakamwa pamauma. Tikayang'ana kumodzi, mawu amabwera okha.

Ndiye yankho langa ndi ili: ugule yaikulu, ya mapadi awiri. Ngakhale ikhale yakale, yogwiritsidwapo kale ntchito, ya zithunzi zosawala kwenikweni, bola mapadi akhale awiri. Wogulitsa akati yachiwiri udzagula m'tsogolo, ukane. M'tsogolo mwakemo simufika, ndipo udzazolowera kusewera wekha.

Sindikunamiza, kam'manja kali ndi ubwino wake. Magetsi akazima kamayakabe. Sikafuna tivi. M'kachipinda kamodzi ka lendi kamene ukakhalemo, kamalowa pansi pa pilo, wakuba osakaona. Ungathe kusewera m'minibasi popita ku ntchito. Zonsezo n'zoona, ndipo munthu wowerengera bwino angasankhe komweko. Koma taganiza Loweruka masana, mwezi wachitatu uli kumeneko. Wachapa, wasita, mzinda wonse ukusokosera kunja koma palibe ndi mmodzi yemwe wodziwa dzina la mayi ako. Ukadzakhala ndi kam'manja, udzagona chagada pabedi, mahedifoni m'makutu, ndipo Lolemba lidzakupeza usanatsegule pakamwa. Ukadzakhala ndi padi yachiwiri, izidzakuyang'ana patebulo mpaka udzachite manyazi, ukagogode kwa mnzako woyandikana naye.

Padi yachiwiriyo usaibise m'chikwama, Tiya. Izikhala poonekera. Mnzako wa kuntchito akabwera kudzabwereka mchere, aziiona, afunse. Atsikana ambiri sanaigwirepo, chifukwa abambo awo anali opusa ngati ine. Uwaphunzitse, ndipo masiku oyamba usawachinye zinayi, anthu ena mitima yawo ndi yaing'ono. Lamulo lathu la m'shopu loti woluza adzuke apatse wina, kwanu usalitenge. Kwanu woluza azikhala, umuthirire tiyi. Koma ndisaiwale, ndine bambo ako: si aliyense wovala thalauza amene anganene kuti amakonda mpira ndiye alowe. Ameneyo azisewera chitseko chili chotsegula, dzuwa lili kunja, ndipo akaluza uone nkhope yake. Mwamuna amene amaponya padi pansi chifukwa chochinyidwa ndi mkazi, musonyeze njira tsiku lomwelo. Ndameta mitu yambiri ine, ndipo ndaona anthu akuluza. Munthu amadziwika pamenepo.

Usathamangirenso kugula mwezi woyamba. Yamba bedi, mbaula, loko wolimba wa pachitseko. Gemu idikire. Ndipo ukadzagula, ntchito isadzagone chifukwa cha iyo, mabwana a m'tauni sadziwa zoti munthu anali pa fainolo. Ukasankha kam'manja komweko ngakhale ndanena zonsezi, sindidzakwiya. Ayi, ndanama, ndidzakwiya pang'ono, koma ndidzakhalabe bambo ako.

Yathuyi itsala kuno, makasitomala aziseweretsa podikira kumetedwa. M'mawa uno utanyamuka kupita ku Midzemba, ndinati ndiyesere moyo umene ukubwerawu. Ndinaiyatsa, nkusewera ndi makina. Ndinachinya chigoli chokongola zedi, cha mutu, chimene chikhalire sindinakuchinyepo. Ndinatembenuka kuti ndikunyogodole. Mayo ine, pabenchi ndili ndekha. Ndinazimitsa, nkukasesa tsitsi limene ndinali nditasesa kale.

Ndikusowa kale, mwana wanga, usananyamuke n'komwe. Ndalemba, chifukwa pakamwa sizituluka.

Tsono tatsala ndi foni, ndipo iwe ukudziwa mmene ndilili pa foni. Uli kusukulu yogonera konko ndinkakuimbira: "Uli bwanji? Kuno tili bwino. Mvula ikugwa? Chabwino, uzilimbikira." Mphindi imodzi osakwana. Ndikadula ndinkakhala ndi foni m'manja, ndikudzitukwana. Iwe unkaganiza kuti ndikusunga mayunitsi. Sanali mayunitsi. Koma nthawi imeneyo ndinkadziwa kuti holide ikubwera, benchi ikudikira. Pano holide kulibe, wapita kukakhala.

Ndiye usandiseke ndi zimene ndachita. Ndang'amba chikatoni cha sopo, ndalembapo mafunso ndi cholembera chachikulu kuti maso angawa aziona, ndakhoma kuseri kwa galasi lometera. Alipo asanu ndi awiri. Lina likuti, kodi lero wakonza foni yovuta bwanji? Lina, kodi woyandikana nawe ndi anthu otani? Lina, kodi waseka ndi ndani sabata ino? Ukadzamva ndikufunsa ngati wapolisi, dziwa kuti ndikuwerenga pakatoni. Undiyankhe motalikitsa, chonde, kuti asathe msanga.

Pempho langa ndi limodzi. Lamulungu lililonse tikaweruka kutchalitchi, ine ndizitsegula shopu, osati ya anthu, ndizikhala pabenchi foni ili m'manja. Iwe uziimba, kapena ungoflasha ndiimbe ndine. Sitiyang'anana m'maso, ndiye mwina zidzatheka. Mafunso anga akadzatha, padzakhala zii, ndikudziwiratu. Pamenepo udzaganiza kuti netiweki yathawa, kapena kuti ndatopa nawe. Usadzadule, Tiya. Ndidzakhala ndili pomwepo, ndikusaka mawu. Undidikire.

Uyende bwino, mayi. Mulungu akutsogolere, ndipo pa Zalewa usakwere basi yodzaza kale.

Ndine,
Bambo ako.